Kapu Yoyamba ya Madzi Osefedwa

Olemekezeka a Wapampando wa khonsolo, olemekezeka a Dokotala wamkulu wa chipatala, a Injiniya amene mwamanga sefa iyi, anzanga okhala kumunsi kwa mtsinje, ndi inu mayi a kunyumba mwakhala kumbuyoko, landirani moni wanga lero Lachinayi, pa 14 Malichi.

Mwina mukudabwa kuti woweta abakha wapezeka bwanji pampando uno. Inenso ndinadabwa, mpaka dzulo pamene a kalaliki anandinong'oneza kuti mlendo wolemekezeka ndiye adzamwe kapu yoyamba ya madzi osefedwa. A Wapampando atamva zimenezo anati ulemu wotere ukuyenera a Dokotala, a Dokotala anati ukuyenera a Injiniya, ndipo a Injiniya anakumbukira kuti ali ndi zilonda zam'mimba. Ulemuwo unatsetsereka njira imene madzi onyansa amatsata, mpaka unatipeza ife akumunsi. Ndikuthokoza.

Ife tamwa mtsinjewu chimangireni chipatala. Pawindo la mankhwala amatiuza kuti atha, koma mumtsinje sanathepo. A Injiniya atayeza madziwo anapezamo zotsalira za mapiritsi a tulo, opha ululu ndi olera, zimene zimatuluka m'matupi mwa odwala n'kutsika ndi paipi. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake tambala wanga ankalira dzuwa lili pamutu, ndiponso chifukwa chake abakha anga anayamba kulera osandifunsa.

Akuti makala ali m'thanki ya sefayi azigwira zonsezo. Ndikufunitsitsa zikhale zoona, pakuti zidzukulu zanga zimatunga mumtsinje momwemo. M'mawa uno mkazi wanga anandikoka jekete pakhomo, nati, "Bambo a ana, akakupatsani kapuyo, muone kaye ngati eni ake akumwa." Ndaona, mayi. Patebulo pano aliyense ali ndi botolo lake la kusitolo.

Poyembekezera zimenezi, ndabwera ndi makapu ena atatu m'chikwamamu, otsuka ndekha. Musaombe m'manja kwambiri, a Wapampando angakhuthule. Ngati madziwa ayera, tayera nawo tonse. Ngati sanayere, chipatala chili pomwepa, ndipo tonse anayi tikaima pawindo limodzi kukamva kuti mankhwala atha.

A Injiniya, tsegulani mpopi, ndipo musaiwale yanu. Ndi mawu ochepawa, ndikulengeza kuti sefa iyi yatsegulidwa, kuyambira pamene kapu ya a Wapampando ioneke pansi pake.

Zikomo kwambiri.