Tsiku Limene a Pettway Anadutsa Mzere

Mayi Odessa anawachenjeza amuna awo asanatuluke n'komwe pakhomo. "Bambo a Lashay, mukafika kumeneko mukasoke pakamwa. Boma silidziwa nthabwala. Chimene wanena limalemba, ndipo cholembedwa sichifufutika ndi malovu." A Cleophus Pettway anangopendeketsa chipewa chawo chakutchalitchi n'kukwera galimoto.

Nkhani inali ya mkaka wa khanda. Malipiro a mwana wawo Lashay, a ku fakitale ya nkhuku kuno ku Mississippi, ndiwo okha ankadyetsa nyumba yonse: iye, ana ake awiri ndi makolo akewo. Mkaka wam'chitini unali utawakulira mtengo, ndiye Lashay anatengana ndi bambo akewo kupita ku ofesi kumene boma limapereka khadi logulira mkaka ndi mazira kwa amayi ndi ana aang'ono, bola banjalo likhale lopeza zochepa. Mbali yomalizayi a Pettway sanaimve. Iwo ankangokumbukira kuti banki inawamana ngongole chifukwa chopeza zochepa, ndipo analumbira kuti sadzaonekanso osauka pamaso pa munthu wapadesiki. Lashay atalowa ndi ana kusikelo, iwo anatsala ndi kalaliki, Vernita Tubbs, mtsikana amene chilembedwere ntchito sanasekepo.

"Bambo Pettway, latsala funso limodzi basi," anatero Vernita. "Mwana wanu wanena kuti inu simupeza ndalama iliyonse. N'zoona?"

"Wati chiyani?"

"Wati simupeza kalikonse."

A Pettway anacheukira anthu amene anali pabenchi, n'kukweza mawu. "Iwe si mwana wa Luther Tubbs iwe? Ukawafunse bambo ako ngati anandionapo nditakhala pansi dzuwa lili pamutu!"

"Ndiye kuti mumapeza ndalama?"

"Eee! Milamba imene tauni yonse ino imakazinga Lachisanu, umayesa imagwa ndi mvula?"

"Mumagulitsa nsomba." Zala zake zinagwera pa kompyuta, kwe kwe kwe. Kaphokoso kameneko munthu wanzeru akakamva amayamba kufunafuna khomo. "Zingati pa sabata?"

"Madola handiredi. Mtsinje ukakondwa, mahandiredi awiri."

"Ndilembe ziti?"

"Zambirizo, iwe! Ukufunsanso?"

Kwe kwe kwe. Vernita anayang'ana kompyuta, kenako anawayang'ana iwo. "Bambo, zayamba kukwera."

"Zikwere! Makwerero ake ndine. Lembanso kapinga. Wakutchalitchi ndimatchetcha ndine, wakumanda ndine ndemwe."

"Kutchalitchi amakupatsani chiyani?"

"Madalitso osefukira."

"Madalitso osefukira ndi madola angati?"

"Aaa, mwanawe! Lemba fifite."

"Nanga akumandawo amalipira bwanji?"

"Amalipira ndi abale awo! Iwe unaphunzira sukulu yanji kodi?"

"Ndangofunsa, bambo. Pali zinanso?"

Pamenepa ndi pamene munthu amati palibe, n'kuyamba kuona nsapato zake. Koma a Pettway anapinda miyendo n'kuika chipewa pabondo.

"Nthiti za nkhumba. Loweruka ndikayatsa moto, galimoto zimandanda mpaka kumsewu waukulu. Wapolisi amachita kubwera kudzaongolera anthu, n'kugulanso mbale ziwiri."

"Mbale imodzi ndi zingati?"

"Zimatengera nkhope ya wogula."

"Apa palibe polemba nkhope."

"Lemba mahandiredi atatu pa mwezi, tisachedwe."

Kwe kwe kwe. Vernita anachotsa magalasi n'kuwapukuta. "Bambo Pettway, ndikuuzeni mosabisa. Mwatsala pang'ono kufika pa mzere."

"Wamva?" a Pettway anauza mayi wapakati amene anakhala pafupi nawo. Kenako anaweramira kudesiki. "Kwatsala zingati kuti tifike?"

"Madola fote."

"Zimenezo zokha? Kuseri kwa nyumba kuli mitengo ya mtedza wa pekani. Ndimagulitsa m'matumba, manja kuchita kutopa n'kulandira."

"Ndilembe?"

"Lemba! Ukudikira belu?"

Kwe. "Mwaudutsa."

A Pettway anamenya desiki mpaka zolembera zinadumpha. "Sindinanene ine! Akazi anga aja kunyumba amati ndisayankhule. Ndikanakhala duu bwenzi titafika? Bweretsa khadilo. Ndipo poti tadutsa ndi mtunda, uwonjezerepo tchizi."

"Khadi palibe, bambo."

"Atha? Tibwere mawa?"

"Alipo ambiri. Koma ndi a mabanja amene ali pansi pa mzere."

"Pansi?"

"Pansi."

"Nanga ife tisanayambe kucheza tinali pati?"

"Pansi."

Pabenchi wina anatsokomola chitsokomolo chosadwala. A Pettway anatsitsa mwendo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuno amene wapeza zochepa ndiye wapambana?"

"Wapambana ayi. Wayenerera." Vernita anavalanso magalasi. "Komanso ndifuna mapepala a msonkho a mabizinesi onsewa, anayi. Mwabwera nawo?"

Msonkho! Kuno munthu akhoza kutukwana bwanamkubwa n'kugona tulo, koma a msonkho akakudziwa dzina, ngakhale manda amakufukula. A Pettway anakoka mpando mpaka mawondo anagunda desiki.

"Mwana wa Luther," ananong'ona, "bwato langa lophera nsomba linabooka."

"Sindikumva, bambo."

"Ndati bwato linabooka! Nkhuku za akazi anga zikuikiramo mazira!"

"Nanga milamba ya Lachisanu imachokera kuti?"

"Kugolosale, youma ndi ayezi. Fufuta."

"Kapinga?"

"Makina otchetchera anafa chaka chija cha mliri. Kumanda amatchetcha ndi mnyamata wa abusa."

"Madalitso aja ndisiye?"

"Fufuta! Ngakhale amenewo sindinawaonepo!"

"Nthiti za nkhumba."

"Amaotcha ndi mlamu wanga. Ine ndimangoima pambali n'kumalawa."

"Polawapo amakulipirani?"

"Amandithamangitsa."

"Wapolisi uja?"

"Anabwera kamodzi, kudzadandaula za utsi."

Mayi wapakati uja anali atabisa nkhope m'chikwama, mapewa okha akugwedezeka.

"Mtedza wa pekani," anapitiriza Vernita, nkhope ili gwa.

"Mtengo ndi umodzi, ndipo ndi wa aneba. Nthambi yokha ndiyo inalowera kwathu. Agologolo amandiyambirira kudzuka."

Kwe kwe kwe. "Ndiye pa mwezi mumapeza zingati?"

A Pettway anayang'ana kudenga. "Zimasinthasintha."

"Kuyambira pa zingati kufika pa zingati?"

"Kuyambira pa palibe." Anameza malovu. "Kufika pomwepo."

"Chabwino. Ndiye m'nyumbamo ndinu wodyetsedwa."

"Ayi, ayi, ayi! Pamenepo ndiye wanyanya. Lemba kuti mutu wa banja."

"Malo alipo awiri okha, bambo. Obweretsa ndalama, ndi ongodya."

"Tsegula achitatu."

"Kompyuta sitsegula."

"Lemba mlangizi."

"Mlangizi amalandira zingati?"

"Usalembe! Chotsa dzanja pamenepo!"

Kuchipinda cha sikelo kuja khanda la Lashay linayamba kulira, kulira kwa njala kumene a Pettway ankakudziwa bwino, chifukwa chitini chomaliza chinali chitayamba kuonetsa pansi. Anamvetsera, chipewa chikuzungulira m'manja.

"Lemba ongodya," anatero.

"Mwati?"

"Ongodya! Ndimadya! Ndimabwerezanso! Wamva tsopano?"

Kwe. Vernita anatsegula kabati, n'kutulutsa khadi, n'kuliika padesiki. "Banja layenerera. Lashay akatuluka asaine."

A Pettway analiyang'ana khadilo osaligwira, ngati lingalume. "Basi? Tabwerera pansi?"

"Mwabwerera. Ndi anthu asanu, malipiro a Lashay ali pansi pa mzere."

"Nanga tikanakhala anayi?"

Vernita anaonanso pa kompyuta. "Malipirowo akanapitirira mzere pang'ono. Sakanalandira."

"Taima kaye. Ndiye kuti ine ndikanapanda kumadya m'nyumba muja, mdzukulu wanga bwenzi alibe mkaka?"

"Malinga ndi malamulo, inde."

A Pettway anaimirira pang'onopang'ono, n'kukonza kolala, n'kuvala chipewa chija mopendeketsa. Anatembenukira benchi yonse.

"Mwamva nokha, anthuni, ndipo lanena ndi boma. Pakamwa pangapa ndi pamene pakudyetsa banja lonse lija!"