Kuzima Injini pa Mtsetse

Panali patapita milungu itatu chiikile mwamuna wanga Jethro, amene lole inamuphwanya ngati chule itagubuduzika pa mtsetse wa msewu wa ku Petauke. Chinali chaka chija dizilo anasowa. Ndili pa siteji ya Nyimba, ndinamva mphunzitsi wina atanyamula mwana wodwala akulankhula ndi dalaiva wa lole.

"Ndinawelenga kuti ku Ulaya sitima yamagetsi ikamanga mabuleki, mawilo amapanga magetsi n'kuwabweza m'mawaya. Palibe chotayika."

"Nafenso sititaya, aphunzitsi. Ndikafika pa mtsetse ndimazima injini, lole n'kumatsika yokha."

"Nanga mabuleki?"

"Mabuleki amadya mpweya, ndipo mpweyawo umachokela ku injini. Ukaponda kanayi, watha."

"Ukafuna kuponda kachisanu?"

"Umauza anthu kuti agwilitsitse."

"Lole ija inagubuduzika pa mtsetse mwezi watha, ndiye zinali zimenezi?"

"Dalaiva uja anali wamantha, anayamba msanga kuponda. Anthu anafa asanu ndi awili, koma thanki sinabooke. Dizilo wake tinakapopa yense, ndi amene ali m'loleyi."

"Bambo, mwanayu ndikupita naye kuchipatala ku Petauke. Lelo lokha musazime."

"Ndikapanda kuzima, dizilo atithela panjila. Kotsalako mukayenda pansi, mwana ali kumsana."

"Motoka ina ibwela liti?"

"Mwina Lachisanu, ngati apeza mafuta."

"Mwanayu Lachisanu sadzafikako. Tikwezeni."

"Mukakhale kumanzele, aphunzitsi. Ija inagwela kumanja."