Kamwana Pachifuwa cha Woimba Ng'oma

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri muno mukundidziwa. Ndine Lameki, wa pa komboni ya kuseri kwa shedi ya fodya, kuno ku Macheke. Ena munandidziwira ku mowa. Ena munandidziwira pa ng'oma.

Ndinali munthu wodzimva. Mbalule, ng'oma yotsogolera ija, inali m'manja mwanga, ndipo gule sankatuluka ine ndisanafike. Ndikaweruka ku shedi ndinkapita kumene kwaphikidwa mowa. Kunyumba ndinkangopitira sadza, nsima yathu ija, ndi tulo. Mkazi wanga Esinati ankapemphera yekha, ine n'kumamuseka kuti akulankhula ndi malata.

Chaka chatha Esinati anachira nthawi isanakwane. Kamwana kanabadwa kakakazi, kochepa moti kanali kukwana m'manja mwanga muno. Anakhala nako ku chipatala cha ku Marondera mpaka kuzizira kwa Juni kunayamba.

Tsiku lowatulutsa, anesi anandiitana ine. Anati mwanayu sangathe kudzifunditsa yekha. Azikhala pachifuwa cha munthu, khungu kukhudza khungu, womangidwa ndi nsalu, kachipewa kumutu. Utsi ayi. Wachifuwa kapena wachimfine asayandikire. Womugwira ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Anandionetsanso mosisitira kamsana ngati aiwala kupuma. Ine ndinkangoti inde, inde, mumtima ndikuti izi n'za amayi.

Sabata isanathe, Esinati anagwidwa ndi chimfine choopsa. Ankamanga duku pakamwa, kufinyira mkaka m'kapu, n'kubwerera pa mphasa yake kukona. Mwana anafunika chifuwa china. M'nyumbamo chifuwa china chinali changa.

Anandimanga chitenje, abale. Ine Lameki. Ndinatseka chitseko kuti asandione munthu.

Tsiku lomwelo kunagwa maliro a mkulu wa kudambwe, amene anandiphunzitsa ng'oma. M'mawa mwake kunafika amalume anga, a Sekuru Jemusi, akutsokomola ngati thirakitala yokana kulira. Ndinawayankhira pa zenera.

"Malume, pepani, musalowe. Muli ndi chifuwa."

Anasuzumira n'kuona chitenje chija. Sanaseke. Bola akanaseka.

"Mphwanga, kwafa munthu uko. Kako ako sikanakhale munthu. Kakapita, amakakataya amayi okha, popanda ndi nyimbo yomwe. Kasonkhezere mbaula, ukagoneke pambali. Ukapanda kubwera lero, maliro a pakhomo pako udzakumba wekha."

Inu mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo pa komboni. Ife kuno tilibe mudzi. Makolo athu anasiya manda awo ku Malawi. Amene angakuike ndi anzako a pa purazi, pa famu pano, basi.

Ndinachita mantha, komanso manyazi anandidya. Kumanda ng'oma zinali zitayamba, ndipo amene anagwira mbalule ankaiphonya. Manja anga ankayabwa. Esinati anali atagona tulo ta malungo, sanamve kanthu.

Ndinakoleza makala pa mbaula n'kuilowetsa m'nyumba. Ndinatseka zenera kuti mphepo isalowe. Ndinamasula chitenje, ndinakulunga mwana m'bulangete, ndinamugoneka chapafupi ndi moto. Ndinadziuza kuti ndingoimba nyimbo ziwiri.

Ndinafika mpaka pa mpopi wa pa komboni. Pamenepo ndinaima. Pachifuwa panga, pamene panali mwana, panazizira zachilendo. Usiku wonse ndinkamva kakupuma kake apa, kofulumira, kosalekeza, ndipo tsopano panali zii. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ndisakunamizeni. Ndinangodziwa kuti ndibwerere.

Nditatsegula chitseko, fungo la makala linandiwomba. Ndinaponya mbaula panja. Ndinavundukula bulangete. Milomo ya mwana inali yotuwa, timapazi tozizira. Kamimba sikankakwera.

Ndinamuika pachifuwa n'kuyamba kusisita kamsana monga anandionetsera anesi. Palibe. Ndinakanda kuphazi. Palibe. Esinati anadzuka, anafuna kumulanda, koma anakumbukira chimfine chake n'kuima patali manja ali pamutu. Nkhope imene ija sindidzaiiwala.

Ndinali ndisanapempherepo chikulire. Sindinkadziwa poyambira. Ndinangoti, "Yesu, uyu ndi munthu. Ngakhale onse akane, Inu mukudziwa kuti ndi munthu. Wolakwa ndine. Musamutenge chifukwa cha ine."

Ndinasisitabe. Kenaka kanakoka mpweya kamodzi, ngati kakudzidzimuka. Kanakokanso. Kanalira timawu tating'ono ngati ta mwana wa mphaka, ine n'kugwada pomwepo.

Sitinadikire. Ndinadzimanga chitenje ndekha, jekete pamwamba, n'kuuyamba wa ku msewu waukulu kukakwera kombi. Njira yake imadutsa pafupi ndi manda. Anthu onse anandiona, amuna, amayi, ngakhale anzanga a ng'oma. Wina anaitana dzina langa. Sindinacheuke, dzanja langa linali pa kamsana kuwerenga mpweya.

Ku chipatala anamuika pa mpweya masiku angapo. Anesi sananditukwane. Anangondifunsa kuti, "Bambo, mbaula ndi chifuwa chanu, chofunda bwino n'chiti?" Ndinalira pamaso pa amayi onse a m'wodimo.

Titabwerera, ndinakhala wolondera pakhomo. Beseni ndi sopo pa khonde. Wobwera kudzaona mwana ankaonera pa zenera. Fodya ndinasiya, chifukwa utsi umatsalira m'malaya. Mowa unasiyika wokha, poti sungamwe uli ndi munthu pachifuwa. Esinati atachira tinkasinthana, iye usana, ine ndikaweruka.

Anthu analankhula. Ankati kwa Lameki kwasanduka chipatala, ankati andidyetsa. Ena mpaka lero sandipatsa moni. Zimandiwawa, sindibisa. Sindinaime pano kuti ndinyoze anzanga aja, ndi abale anga, ndipo ndimawapempherera. Koma amayi a mpingo uno, amene ndinkawatseka pakamwa ndi ng'oma Lamulungu, ndi amene ankatisiyira nkhuni ndi madzi pakhomo osapempha n'kulowa komwe. Kumeneko ndiko ndinaonera chikondi cha Khristu, ndipo ndinamupatsa moyo wanga.

Dzina tinamutcha mochedwa, mantha atatha. Ndi Tamanda. Ndi uyo ali pa miyendo ya amake, akudya tsamba la buku la nyimbo.

Ambuye alemekezeke, Iye amene sanyoza kanthu kakang'ono. Ndipo iwe bambo mnzanga amene wakhala kumbuyoko, ukuopa kuti anthu adzati chiyani, ndinali pomwepo. Bwera kwa Yesu lero. Ine anandilandira nditavala chitenje cha mkazi wanga.

Ameni.