Madesiki Obwereka

Olemekezeka oyendetsa mwambo uno; olemekezeka a Blasius Mwandira, amene mwatumidwa kuchokera kuboma kudzaona zosowa za sukulu ino; mafumu athu; a Shehe Abdulrahim ndi abusa amene mwatitsegulira ndi mapemphero; a Khansala; mayi Ophelia, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Mwalawanjiwa, pamodzi ndi aphunzitsi anu; a Swaibu, wapampando wa komiti; makolo, ndi inu ana amene mwakhala padzuwa chiyambire m'mawa, ndikupatsani moni nonse.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Zipinda ziwiri zimene tikutsegula lerozi sizinagwe kumwamba. Njerwa munaumba nokha, mchenga amayi anasenza pamutu kuchokera kumtsinje, ndipo malata anagulidwa ndi nandolo wa m'minda mwanu. Mulungu akudalitseni.

Ndinali nditalemba mawu okoma, ali m'chikwamamu. Sindiwawerenga, chifukwa ndakwiya. Pamene mumandionetsa zipindazi, ndinawerama kuti nditole mpango wanga, ndipo pansi pa desiki ndinaona dzina lolembedwa ndi penti yofiira: Dambolanyati. Ndinayang'ana desiki ina, chimodzimodzi. A Swaibu, musayang'ane pansi, ndikukuonani. Madesiki onsewa mwabwereka kusukulu ya tsidya lija, mwawatuta dzulo pangolo ndi pakabaza, ndiye kuti ana a ku Dambolanyati lero akhala padothi kuti ife alendo tisekerere.

Sindikukudzudzulani ngati munthu woyera m'manja, iyayi. Ndinaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo zimenezi ndinazichitapo. Ndili mphunzitsi wamkulu cha ku Utale, tinamva kuti kukubwera akuluakulu odzayendera sukulu. Tinasesa, tinapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, ana opanda yunifolomu tinawauza kuti asabwere, ndipo madesiki tinakabwereka. Tinkati mlendo saonetsedwa umphawi. Akuluakulu aja anabwera, anadya nkhuku yathu, natiyamikira, nalemba mu lipoti kuti pasukulu pano madesiki alipo okwanira. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha, sukulu zina zikulandira, ife ngakhale desiki imodzi osaiona. Akanatipatsa bwanji, poti tinawauza tokha kuti takhuta?

M'kalasi langa la Sitandade 7 munali mtsikana dzina lake Khadija, mutu wakuthwa pamasamu kuposa anyamata onse. Amayi muli pano mukudziwa mmene zimakhalira mtsikana akakula, atakhala pansi ndi diresi yofupika, ndiye mphunzitsi n'kumuuza kuti imirira uyankhe. Anyamata anamuseka kawiri, kachitatu, iye anasiya kukweza mkono, kenako anasiya kubwera. Chaka chatha ndinakumana naye ku Liwonde akugulitsa nsomba, mwana kumsana, wina pambali. Anandigwadira nati, "Madamu, mukundikumbukira?" Anandiwonjezera nsomba ziwiri za basela. Kunyumba sindinazidye.

Tsono a Mwandira, mundimvere. Chaka ndi chaka timatchera khutu kuwailesi bajeti ikamawerengedwa, ndipo timamva kuti maphunziro apatsidwa gawo lonona. Timaomba m'manja. Koma gawo lononalo limatsikira pati, poti pano silifika? Kodi limatopa panjira? Mayi Ophelia ali ndi ana oposa zana m'kalasi limodzi, choko amachita kuthyola pakati, buku limodzi ana asanu kulimbirana. Zamisonkhano ya m'mahotela sitinamvepo kuti zachedwa, koma ikakhala desiki ya mwana wa mlimi timauzidwa kuti tidikire chaka chamawa. Makolo awa amadula msonkho pa sopo, pa mchere, pa malata omwe agulawa. Mbali yawo akwaniritsa, ndipo aonjezapo ndi thukuta. Sakupempha chifundo, akufunsa zawo.

Koma nanunso makolo, mkwiyo wanga sukukulambalalani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bambo awa abwera ndi cholembera, ndipo zimene alembe lero n'zimene zikaonedwe pogawa za chaka chamawa. Akalemba kuti Mwalawanjiwa ili ndi madesiki, atsikana akhala kutsogoloku adzakhala pansi mpaka adzatope ngati Khadija. Ukabisa matenda, maliro adzaulula. Ulemu wanji wobisa njala kwa munthu amene wanyamula chakudya?

Ndiye ine riboni iyi sindidula madesiki ali m'katimo. A Swaibu, itanani anyamata a ngolo aja. Tulutsani onse, abwerere kwa eni ake dzuwa lisanapendeke, ana a ku Dambolanyati akakhalirepo masana ano. Tidikira, sitikuthamangira kulikonse. Mipando imene takhalira ife alendoyi, ngati nayonso ndi yobwereka, itengeni, ine ndiyamba kuimirira.

Mwaona, a Mwandira? Chipinda ndi chimenecho, simenti yokhayokha. Ndikupemphani mwaulemu kuti mulowe nane, tikhale pansi pamodzi ndi atsikanawa, ndipo lipoti lanulo mulembere pabondo, monga alembera iwo tsiku lililonse.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti zipinda ziwiri za sukulu ya Mwalawanjiwa, zopanda desiki ngakhale imodzi, zatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.