Chipinda cha Amayi Chimene Khonsolo Inakana

Moni omvera anzanga. Ine ndine namwino, ndimakhala kunja kwa dziko lathu, ku Thamesmead, ndi amuna anga.

Amayi anga atadwala sitiroko kumudzi, tinawaitanitsa kuno. Vuto linali masitepe opita kuzipinda zogona m'nyumba yathu, sakanatha kukwera. Amuna anga anatenga tchuthi n'kuyamba kumanga kachipinda kuseri kwa nyumba. "Apongozi anga sangamagone pabalaza ngati mlendo wodutsa," anatero. Anamanga okha mpaka manja anatuluka matuza.

Titangofolera, kunabwera kalata ya khonsolo. Sitinapemphe chilolezo, komanso anati dera lathu lili pafupi ndi mtsinje, madzi atasefukira munthu wogona m'chipinda chapansi sangapulumuke. Anatilamula kuti tigumule.

Tsiku logumula, amuna anga anaima ndi nyundo m'manja, akulephera kuyamba. Amayi anali pakhomo pa njinga yawo ya olumala. Paja chikwatiwire ine, awiriwa ankangopatsana moni chapatali mwaulemu. Tsikulo amayi anaitana, "Bambo, tabwerani pafupi." Anawagwira dzanja n'kunena, "Ana obereka ndekha sanandiumbirepo ngakhale njerwa imodzi. Inu mwandimangira nyumba. Gumulani, ine ndaiona kale." Ndinathawira kukhitchini kukalira.

Khonsolo yomweyo inadzatithandiza kuika mpando wamagetsi wokweza munthu pamasitepe, ndipo amayi amagona m'mwamba bwinobwino. Masiku ano tiyi safuna wanga, amafuna wopanga mkamwini wawo.

Abale, musanagule simenti, kafunseni kaye ku khonsolo. Kuno si kwathu kumene munthu amangodzuka n'kuyamba kukumba maziko.