Galimoto ya Malemu Larbi Ikuitanidwa ku Casablanca

– Halo? Azakhali a Zhor?

– Halo! Ndani wakumbukira kuti ndidakali moyo?

– Ndine Mounir. Mwaswera bwanji?

– Ndaswera, kaya iwe? Naima? Ana? Dazi lija lafika pati?

– Onse ali bwino. Miyendo yanu?

– Ikuyenda, bola iyo kusiyana ndi netiweki ya kuno ku Meknès. Kweza mawu!

– Azakhali, nkhani yabwino! Kampani ya magalimoto imene ndimagwirako inatsala pang'ono kugwa. Tsopano yasiya zotchipa, ikupanga za mabwana zokhazokha. Mipando yachikopa, yosisita msana!

– Kampani yomwe ija? Ya magalimoto oti mkwati amatsika kukakankha?

– Yomweyo! Loweruka tikuonetsa yatsopano kuno ku Casablanca. Abwana akufuna yakalekale iime pambali pake, anthu aone kumene tachokera. Ndawalonjeza ya amuna anu, malemu a Larbi.

– Walonjeza ndi pakamwa pa ndani?

– Akuchotsa anthu ntchito, azakhali. Ndikaibweretsa, ine nditsala.

– Ogo! Mwana wanga, galimotoyo ndinapatsa wogula zitsulo.

– Chiyani? Liti? Ndafa ine!

– Hahaha! Puma, ungakomoke eyataimu ikutha. Ili pansi pa mkuyu pompaja. Kungoti nkhuku yanga ikufungatira kumpando wakumbuyo.

– Ichotsenitu!

– Mazira aole? Ipita nawo. Ndi ine ndemwe, kutsogolo, nditavala kafutani wanga wobiriwira.

– Azakhali, kukubwera atolankhani...

– Ajambule! Pobwerera undibweretse pa yatsopanoyo. Tidutse pakhomo pa neba wanga Lalla Batoul katatu, hutala ikulira. Mayi ameneyu wandiseka zaka makumi atatu, amvekere, "Zhor, galimoto yanu imayendera anthu!"

– Abwana sangalole!

– Ndiye akaimike bulu pambali pake. Nayenso ndi wakalekale.

– Chabwino... kamodzi.

– Katatu.

– Kawiri, magalasi otseka.

– Otseka? Andione bwanji? Katatu, otsegula, chigongono panja!

– Mulungu andithandize. Katatu. Lole yodzainyamula ifika Lachisanu tikatuluka ku mzikiti. Muipukuteko.

– Zikomo bwana wamkulu! Upereke moni kwa Naima. Dikira, uyo akuanika zovala padenga. Lalla Batoul! Iii, mwaswera? Lamulungu musachoke, mukhale pakhomo pomwepo!

– Azakhali, musaulule! Abwana sindinawa...

– Sindikukumva, netiweki! Batoul, muitanenso apongozi anu!

– Halo? Azakhali? Halo!