A NyaShaba, Namwino Wogwadira Foni

A Dokotala wamkulu, a Metroni, abale a mayi Dyness Shaba, anzanga a pachipatala pano, ndi inu amene mwangotsatira fungo la nyama, monile mose!

Ine ndine Themba. Ndagwira ntchito ndi a NyaShaba zaka khumi ndi ziwiri, ndiye lero andipirire.

Mukukumbuka nthawi ya Kovidi. Anatipatsa foni yoti odwala aziimba ali kunyumba. Woyamba kukana anali mayi awa. "Munthu sindinamugwire pamphumi, ndimuchiza bwanji? Ndine sing'anga ine?" Tsiku loyamba kunaimba mkulu wina wa ku Edingeni. Tinawapeza a NyaShaba atagwada pasimenti, foni kukhutu, dzanja lina litagwira chigongono! Mayi, amakuonani ndani?

Ife anyamata tinkadziyesa akatswiri. Foni ikalira: "Halo, mukumva chiyani?" Munthu uja n'kudula. Anthu a kuno sauza matenda munthu amene sanawapatse moni. Ena ankati foniyo ndi msampha wowatengera ku kwalantini.

Nanga a NyaShaba? "Mwawuka uli, ada? Ana ali bwanji? Ng'ombe? Fodya wafika pati?" Mphindi khumi, moni wokhawokha! Tinkawaseka chomene. Koma posakhalitsa aliyense akaimba ankati, "Ndipatseni mayi aja."

M'mawa wina kunaimba bambo Wallace Moyo a ku Luwawa. Akuti ndi kachimfine chabe, angouzidwa mankhwala oti agule. Ine ndikanati amwe madzi ambiri, agone, mbwenu. Mayi awa anayamba moni wawo uja. Asanafike n'komwe pa ng'ombe, anaphimba foni ndi dzanja: "Themba, ambulansi! Bambo awa akulephera kumaliza moni. Akupumira panjira."

Apo m'pamene ndinadziwa. Ife tinkaona ngati akucheza, pamene iwo akumvetsera mpweya. Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero ndimachita.

Mayi, yewo chomene. Zaka makumi atatu ndi zisanu mwatilera, mwatikalipira, mwatiphunzitsa. Tidzakusowani, sindikunama. Pitani mukapume. Foni mukazimitse, mawondo nawo apumeko.

Koma musananyamuke, pali munthu amene sanamalize moni wake tsiku lija. A Moyo, imirirani, ada. Lero mpweya ulipo wokwanira. Malizitsani moni uja, ife tiombe m'manja!